Kamera yajambula galimoto, nanga wolakwa ndani?

Mphwanga amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, ku Britain, anandiimbira foni usiku wina mawu ali pansipansi. Anali atalandira kalata yochokera kupolisi. M'kalatamo munali nambala ya galimoto yake, tsiku, ola, dzina la msewu ndi liwiro: mamailosi 37 pa ola, pamalo pomwe chikwangwani chimati 30. Chomuzunguza mutu chinali chakuti tsiku limenelo iye anali kuntchito. Galimotoyo anaibwereketsa kwa mnzake wa kutchalitchi kuti akatengere alendo kubwalo la ndege.

"Achimwene, mnzangayu laisensi yake ndi yatsopano, zimuvuta. Bwanji ndingolemba kuti ndinali ineyo, ndilipire, nkhani ithere pomwepo?"

Ndinamuuza kuti asayerekeze dala, ndipo chifukwa chake muchimva kutsogoloku. Koma titamaliza kulankhula ndinatsala ndikusinkhasinkha. Mphwangayo akanakhala ku New York, funso lakelo silikanabuka n'komwe, chifukwa kalata ya kumeneko sifunsa amene anali pachiwongolero. Akanakhala ku Germany, kalatayo ikanabwera ndi chithunzi cha nkhope ya mnzakeyo. Akanakhala ku Toronto, ku Canada, masiku ano, bwenzi kamerayo ili chete, popeza boma la chigawo cha Ontario linaletsa makamera a liwiro a m'mizinda mu Novembala 2025. Makinawo amafanana ndithu kulikonse. Kusiyana konseku kumachokera m'malamulo a malowo, ndipo nthawi zina malamulowo amasintha mukangowoloka malire a mzinda.

Kamera yopanda wapolisi pambali

Ife tinazolowera kamera ya pa M1. Wapolisi wa tirafiki waima pansi pa mtengo kungopitirira pokhota, kachipangizo kali m'manja, anzake ali chapatsogolo ndi buku la malisiti. Madalaivala ochokera kumene mukupitako amakuphethirirani nyali kuti muchepetse moto. Akakuimitsani, wapolisi amakuonani nkhope, amaona laisensi, n'kukuonetsani nambala imene yatuluka pachipangizocho. Mukhoza kutsutsa, kupepesa, kapena kunena kuti mukuthamangira maliro. Nkhani imakambidwa ndi anthu awiri akuonana maso ndi maso.

Kamera imene tikukambayi ilibe munthu pambali pake. Imamangidwa pamtengo wachitsulo m'mbali mwa msewu, kapena imakhala m'galimoto yoimikidwa penapake. Imayeza liwiro yokha, imajambula yokha, imawerenga nambala ya galimoto yokha, kenaka zonsezo zimapita ku ofesi kumene wogwira ntchito amaziona asanatumize kalata. Inu simuimitsidwa. Mwina simudziwa n'komwe kuti mwajambulidwa mpaka patapita masiku.

Chiyambi chake n'choseketsa pang'ono. Maurice Gatsonides wa ku Netherlands anali katswiri wa mipikisano ya magalimoto, ndipo anapambana mpikisano wa Monte Carlo mu 1953. Iye anafuna chida chomuyezera liwiro pokhota kuti azithamanga kwambiri. Mu 1958 anatsegula kampani yopanga zida zimenezo, apolisi n'kukhala makasitomala ake aakulu. Mpaka lero anthu a ku Britain amatchula mabokosi achikasu a m'mbali mwa msewu kuti Gatso.

Gatso imagwiritsa ntchito rada, chipangizo chotumiza mafunde osaoneka amene amagunda galimoto n'kubwerera. Munamvapo ambulansi ikudutsa: ikamabwera kulira kwake kumamveka kosongoka, ikangopitirira kumatsika mawu. Mafunde a rada amasinthanso chimodzimodzi akagunda chinthu choyenda, ndipo kukula kwa kusinthako ndiko kumauza makina liwiro lanu. Pofuna kutsimikiza, kamerayo imajambula zithunzi ziwiri zotalikirana theka la sekondi, ndipo paphula pamakhala timizere toyera tojambulidwa motalikirana mofanana. Galimoto yoyenda makilomita 60 pa ola imadutsa mamita oposa 8 pa theka la sekondi. Munthu akawerenga timizere timene tayala ladutsa pakati pa zithunzi ziwirizo, amadziwa ngati rada yanena zoona. Makamera ena amagwiritsa ntchito mawaya okwiriridwa m'phula amene amamva tayala likawaponda, ena kuwala kwa leza.

Kamera yoima pamalo amodzi ili ndi chofooka chimene dalaivala aliyense amachidziwa. Anthu amaponda buleki akaiona, akangoidutsa n'kupondanso mafuta, ngati mwana wasukulu wopisira malaya poona ahedi. N'chifukwa chake panabwera makamera oyeza liwiro la ulendo wonse. Imodzi imawerenga nambala yanu polowa, ina potuluka, kompyuta n'kugawa mtunda ndi nthawi. Tingoyerekeza kuti makamera awiri atalikirana makilomita 80 ndipo malire ndi 80 pa ola. Ulendowo uyenera kukutengerani ola lathunthu. Mukafika pakamera yachiwiri patatha mphindi 45, ndiye kuti mumayenda pafupifupi 107, kaya munaponda buleki pansi pa makamera onse awiri. Njira imeneyi ili pamsewu wa A9 ku Scotland kuyambira mu 2014, komanso pamisewu ina italiitali ya ku Western Cape ku South Africa.

Nambala ya galimoto si nkhope ya munthu

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mlandu wothamangitsa galimoto ndi wa woyendetsa, koma chimene kamera imachidziwa bwino ndi nambala, ndipo nambala imakufikitsani kwa mwini galimoto. Anthu awiriwa nthawi zambiri ndi mmodzi, koma si nthawi zonse. Galimoto imayendetsedwa ndi mkazi kapena mwamuna wa mwini wake, mwana, wantchito, makaniko amene akuiyesa, kapena mnzake wa kutchalitchi. Dera lililonse lofuna makamera liyenera kuyankha funso limeneli m'malamulo ake, ndipo mayankho ake amasiyana kwambiri.

Ku New York anadula nkhani mwachidule: mwini galimoto ndiye alipire. Chindapusa ndi madola 50, ndipo chimatengedwa ngati cha kuimika galimoto pamalo olakwika. Laisensi ya munthu sikhudzidwa, ndipo a inshuwalansi sauzidwa. Zili ngati ng'ombe zikadya chimanga m'munda wa eni. Amfumu safunsa kuti anali kubusa ndi mwana uti, amangoitana mwini khola. Ubwino wake ndi wakuti palibe kufufuza, makalata amatuluka msanga. Odandaula amati munthu wandalama amangolipira madola 50 kambirimbiri ngati msonkho wothamangira, laisensi yake ili bwinobwino, chifukwa lamulo silingalange laisensi ya munthu amene silikumudziwa.

Ku Germany anatsata njira ina. Kumeneko wolangidwa ayenera kukhala wolakwa weniweniyo, choncho makamera amajambula chakutsogolo kuti nkhope ya dalaivala ioneke. Akuluakulu akalephera kuzindikira amene ankayendetsa, mlandu ukhoza kutha, koma mwini galimoto angalamulidwe kuti azisunga buku lolembamo aliyense woyendetsa galimotoyo, tsiku ndi ola.

Britain ili pakati pa ziwirizi, ndipo ndi imene imasokoneza abale athu ambiri ofika kumene. Makamera oyamba anaikidwa kumadzulo kwa London mu 1992, lamulo la 1991 litalola kuti chithunzi cha makina chikhale umboni kukhoti. Kalata yoyamba imapita kwa munthu amene galimoto inalembetsedwa m'dzina lake, ndipo iyenera kumufika pasanathe masiku 14 chichitikireni cholakwacho. Kalatayo simuuza kuti alipire ayi. Imamufunsa kuti atchule amene ankayendetsa, ndipo ali ndi masiku 28 oti ayankhe. Kukhala chete ndi mlandu pawokha, ndipo chilango chake chimaposa cha kuthamangako: mapointi 6 pa laisensi ndi chindapusa chofika mapaundi 1,000.

Mapointi amenewa ndi zizindikiro za kulakwa zimene zimaunjikana pa laisensi. Kuthamanga pang'ono kumabweretsa mapaundi 100 ndi mapointi 3. Akakwana 12 m'zaka zitatu, khoti limakuletsani kuyendetsa, kawirikawiri kwa miyezi 6. Amene angolandira kumene laisensi ali ndi chingwe chachifupi: mapointi 6 m'zaka ziwiri zoyambirira, laisensi imalandidwa, munthu n'kukayambanso mayeso. Mnzake wa mphwanga uja kalata imodzi yokha inali itamufikitsa pakati pa ulendo umenewo, n'chifukwa chake mphwangayo anamumvera chisoni.

Ena anayesa kutsutsa lamulo lokakamiza kutchula dalaivala, ponena kuti munthu ali ndi ufulu wosadzipalira yekha mlandu. Nkhaniyo inafika kukhoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya ku Strasbourg, ndipo mu 2007 khotilo linagamula kuti lamulolo ndi loyenera, popeza wokhala ndi galimoto amavomera udindo wina umene woyenda pansi alibe.

Tsono chifukwa chimene ndinamuletsera mphwanga ndi ichi. Mu 2003 kamera ya pamsewu wa M11 inajambula galimoto ya wandale wina, Chris Huhne, ndipo mkazi wake wa nthawiyo, Vicky Pryce, analemba kuti anali iyeyo kuti mwamunayo asalandidwe laisensi. Nkhaniyo inagona zaka zambiri. Banja litatha inaululika, Huhne ali nduna ya boma. Anatula pansi udindo, ndipo mu 2013 onse awiri analamulidwa kukakhala kundende miyezi 8 aliyense chifukwa chosokoneza chilungamo. Mlandu unayamba ngati wa mapointi 3.

Ndani ali ndi mphamvu zoika kamera?

Mungaganize kuti khonsolo ya mzinda ikaona kuti ana akugundidwa pafupi ndi sukulu imangogula kamera n'kuiika. M'maiko ambiri sizili choncho. America ili ndi zigawo 50, chilichonse ndi nyumba yake ya malamulo, ndipo mzinda umachita zokhazo zimene chigawo chaulola. Mzinda wa New York, ngakhale ndi waukulu chotere, unayenera kukapempha chilolezo kunyumba ya malamulo ya chigawo ku Albany.

Mu 2013 Albany inalola makamera m'madera 20 okha ozungulira masukulu, ngati kuyesa. Chaka chotsatira anafika 140. Koma chilolezocho chinali ndi tsiku lothera, ndipo mu Julaye 2018 aphungu atalephera kugwirizana, makamera ambiri anasiya kutulutsa makalata. Anali pamalo pake, akuona zonse, koma opanda mano. Zinatengera lamulo lapadera la bwanamkubwa Andrew Cuomo ndi khonsolo ya mzinda kuti ayambenso kugwira ntchito sukulu zisanatsegulidwe. Mu 2019 madera anakwera kufika 750, koma makamera ankaloledwa kugwira ntchito kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 10 koloko usiku, masiku apakati pa sabata okha. Usiku kwambiri ndi kumapeto kwa sabata, nthawi imene misewu imakhala yopanda anthu ndipo madalaivala amamasuka phazi, makamera anali m'tulo molamulidwa. Kuyambira pa 1 Ogasiti 2022 amagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo alipo oposa 2,000.

Kwina lamulo linapita mbali ina. Ku Texas mizinda siloledwa kugwiritsa ntchito makamera a liwiro, ndipo mu 2019 analetsanso makamera a pamaloboti. California inangolola mu 2023, ndipo inalola mizinda 6 yokha kuti iyese, kuphatikizapo Los Angeles, Oakland ndi San Francisco. Ku Ontario nduna yaikulu ya chigawo, Doug Ford, inati makamerawo ndi njira yongodyera anthu ndalama ndipo mahampu ndi zikwangwani zikuluzikulu zingachite bwino, pamene mameya ambiri ankapempha kuti awasiyire, makamaka pafupi ndi masukulu. Mphamvu zinali m'manja mwa chigawo, choncho makamera anazimitsidwa.

Amene ali ku Joni mkangano umenewu akuudziwa. Lamulo la AARTO la 1998 linafuna kuchotsa milandu ing'onoing'ono ya pamsewu m'makhoti n'kuipereka ku bungwe limodzi la dziko lonse, ndi kuyambitsa mapointi pa laisensi. Linayesedwa ku Tshwane ndi ku Johannesburg. Bungwe losakhala la boma la OUTA linakasuma ponena kuti boma lalikulu likulanda ntchito ya zigawo ndi makhonsolo. Khoti lalikulu ku Pretoria linagwirizana nalo mu Januwale 2022, koma khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linatembenuza chigamulocho mu Julaye 2023. Ngakhale zili choncho, tsiku lofalitsa lamuloli m'dziko lonse lakhala likusunthidwa kangapo.

Malire a pachikwangwani ndi malire a kamera

Pafupifupi kulikonse kamera siyamba kujambula mukangopitirira malire ndi 1. Ku New York lamulo lenilenilo limati kalata ituluke munthu akapitirira ndi mamailosi oposa 10. M'misewu yambiri ya mumzindawo malire ndi 25, choncho kalata imayambira pa 36. Ku Chicago anatsitsa mpatawo mu 2021 kuti uyambire pa mamailosi 6, ndipo makalata anachuluka nthawi yomweyo, msewu ndi madalaivala ali omwewo.

Ku Britain anthu amauzana kuti mumaloledwa 10 pa 100 alionse kuwonjezerapo 2, kutanthauza kuti pamalo a 30 chilango chimayambira pa 35. Amenewo ndi malangizo chabe a akuluakulu a polisi, si lamulo, ndipo 31 ndi kulakwa kale. Chimodzimodzinso utoto wachikasu uja: kamera yotuwa kapena yobisika ndi masamba ikakujambulani, kalata yake ndi yogwira ntchito.

Kodi ngozi zimachepadi?

Tiyambe ndi zosakanika. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 14 pa sekondi imodzi, phazi lisanafike n'komwe pabuleki. Kugundidwa pa liwiro limenelo kuli ngati kugwa kuchokera pamwamba pa mamita 10. Ndipo mphamvu ya kugunda imakwera msanga kuposa liwiro lenilenilo: kuchoka pa 50 kufika pa 60 mwawonjezera liwiro ndi gawo limodzi mwa magawo 5, koma mphamvu yakwera ndi 44 pa 100. Buku la malamulo a pamsewu la ku Britain limati galimoto imafuna mamita 12 kuti iime ikamayenda mamailosi 20 pa ola, 23 pa 30, ndi 36 pa 40. Mwana wothamangira mpira akatulukira mamita 20 patsogolo panu, manambala atatuwo ndi nkhani zitatu zosiyana. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse, ndipo liwiro la magalimoto likakwera ndi 1 pa 100, ngozi zakupha zimakwera ndi pafupifupi 4 pa 100.

Funso lovuta ndi lakuti kamera payokha imachita zochuluka bwanji. Mu 2010 bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa kafukufuku wa ena n'kumusefa, linaona makafukufuku 35. Linapeza kuti pafupi ndi makamera ngozi zakupha kapena zovulaza kwambiri zinatsika ndi pakati pa 11 ndi 44 pa 100. Linachenjezanso kuti makafukufuku ambiri sanali olimba mokwanira kuti munthu anene nambala imodzi yeniyeni. France imatchulidwa kawirikawiri: makamera anayamba mu 2003, ndipo imfa za pamsewu zinatsika kuchoka pa pafupifupi 8,000 chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kufika pa zosakwana 4,000 mu 2010. Koma m'zaka zomwezo magalimoto anakhalanso otetezeka kwambiri ndipo apolisi anakhwimitsa za mowa, choncho n'kulakwa kupereka ulemu wonse kwa kamera.

Palinso msampha wina wa masamu umene okayikira amautchula, ndipo ali ndi mfundo. Kamera imaikidwa pamalo pamene pachitika ngozi zambiri posachedwa. Koma ngozi zimabwera ngati mvula: chaka china yochuluka modabwitsa, chotsatira n'kubwerera mwakale popanda wochitapo kanthu. Mukaika kamera chaka choipitsitsa chitangotha, ngozi zitsika ndithu, ndipo gawo lina la kutsikako likanachitikabe ngakhale mukanangodzalapo mtengo. Ofufuza osamala amachotsera gawo limenelo poyerekeza ndi misewu yofanana yopanda kamera. Akatero phindu la kamera limachepa kusiyana ndi mmene andale amalilengezera, koma m'makafukufuku ambiri limatsalapobe. Mukamva wina akutchula nambala yaikulu, mbali iliyonse imene ali, mufunseni kuti anayerekeza ndi chiyani.

Ndalamazo zimapita kuti?

Palibe chimene chimakwiyitsa madalaivala kuposa kuganiza kuti kamera ndi mbale ya zopereka ya khonsolo. Malamulo amayesa kuthana ndi kukayikirako m'njira zosiyanasiyana. Ku England, kuyambira cha m'ma 2000 mpaka 2007, apolisi ndi makhonsolo ankaloledwa kutengako ndalama za zindapusa zoyendetsera makamera, ndipo anthu anati ndiye chifukwa chake makamerawo akumera ngati bowa. Boma linasintha kuti ndalama zonse zizipita kuthumba lalikulu la dziko. Apo panabuka vuto lina: khonsolo iziwononga ndalama posamalira kamera, phindu likupita kwina. Chuma chitavuta mu 2010, Oxfordshire inazimitsa makamera ake mu Ogasiti, n'kudzawayatsanso mu Epulo 2011.

Kampani yopanga makamera ikalowapo, funso limakhala lakuti imalipidwa bwanji. Ikamalandira kanthu pa kalata iliyonse, ndiye kuti anthu akamathamanga kwambiri iyo imasangalala. Ku Chicago mkulu wina wa mumzindawo analamulidwa kukhala kundende zaka 10 mu 2016 chifukwa cholandira ziphuphu kuchokera ku kampani ya Redflex pa kontirakiti ya makamera a pamaloboti. Abale a ku Lusaka akukumbukira 2018, pamene bungwe la boma loona za pamsewu la RTSA linaika makamera mumzindamo mogwirizana ndi kampani yosakhala ya boma. Madandaulo a madalaivala anali pa zomwezi: zikwangwani za malire, zindapusa zounjikana munthu asakudziwa, ndi kumene ndalama zikupita.

Lamulo la California linalembedwa anthu ataona zonsezi. Masiku 60 oyambirira kamera imatumiza chenjezo lokha. Chindapusa chimakwera ndi liwiro, kuyambira madola 50 mpaka 500. Osauka amachotseredwa theka kapena kuposa. Ndalama zotsala zikalipira ntchito ya makamera ziyenera kupita ku zinthu zochepetsa liwiro pamsewu, monga mahampu ndi powolokera anthu. Kamera imajambula nambala ya kumbuyo yokha, ndipo makina ozindikira nkhope ndi oletsedwa. Mfundo yomalizayi ikuyankha mantha ena: makina owerenga nambala angathenso kulemba kumene munthu aliyense wapita ndi nthawi yake, choncho lamulo limayenera kunena amene angaone zithunzizo ndi tsiku lozifufuta.

Za osauka zija si zazing'ono. Mapaundi 100 kwa wosamalira okalamba ndi ndalama ya tsiku lathunthu la ntchito, pamene kwa wina ndi chakudya chamadzulo chimodzi. Finland imalipiritsa othamanga kwambiri molingana ndi zimene munthu amapeza. Mu 2023 wamalonda wina wolemera analipira mayuro 121,000 chifukwa choyenda makilomita 82 pamalo a 50.

Kalata ifike kwa ndani, pakhomo liti?

Pali chinthu china chimene sichimveka kawirikawiri m'mikangano imeneyi, chifukwa m'maiko olemera amangochitenga ngati chilipo kale. Kamera imadalira kaundula wa magalimoto amene ali woona, ndi adiresi imene kalata ingafikeko. Ku Britain mukasamuka osasintha adiresi ku ofesi ya kaundula, kalata imapita kunyumba yakale, masiku 28 amatha, ndipo mlandu umakula inu muli phee. Kunena kuti simunailandire sikukuthandizani ngati kulakwa kunali kwanu.

Ndiye taganizirani kwathu kuno, kumene galimoto imagulitsidwa kawiri kapena katatu buluu buku likadali m'dzina la amene anaiitanitsa ku Japan. Minibasi ili ndi mwini wake, dalaivala wake, ndi wina wogwirizira dalaivalayo akapita kukadya. Njinga zamoto za kabaza zambiri zimayenda zopanda nambala n'komwe. Adiresi ya ambiri a ife ndi bokosi la positi la kuntchito kapena la kutchalitchi, apo ayi "kuseri kwa chigayo, mukafunse". Pamalo otere lamulo la mtundu wa New York lingalipiritse munthu amene anagulitsa galimoto zaka zitatu zapitazo, ndipo la mtundu wa Britain lingamufunse dzina la dalaivala amene sanamuonepo. Maiko ena amazemba vutoli potumiza uthenga pafoni, kapena pomangirira ngongoleyo ku galimoto kuti mwini wake alipire akabwera kudzakonzetsa mapepala a chaka. Njira yachiwiriyi imatolera ndalama bwino, koma munthu amamva za kulakwa kwake patapita miyezi, atathamanga pamalo omwewo kambirimbiri, ndipo otsutsa amafunsa kuti chilango chochedwa chotere chateteza ndani m'miyezi yonseyo.

Mphwanga uja analemba dzina la mnzakeyo n'kutumiza fomu masiku 28 asanathe. Popeza 37 pamalo a 30 si kupitirira kwambiri ndipo kanali koyamba, apolisi anapatsa mnzakeyo mwayi wa maphunziro a za liwiro m'malo mwa mapointi, mwayi umene munthu sapatsidwanso mpaka patatha zaka zitatu. Analipira ndalama ya maphunzirowo, n'kukhala maola angapo pa kompyuta Loweruka lina m'mawa. Awiriwo akupempherabe limodzi. Koma m'galimoto ya mphwanga tsopano muli kabuku ndi cholembera, ndipo aliyense wobwereka makiyi amayamba walemba dzina, tsiku ndi ola, ngakhale abusa.